Kodi nkhosa zipindulapo chiyani pa kanemayu?

Zaka zingapo zapitazo kumudzi kwathu kunabwera bungwe lina kudzaphunzitsa achinyamata kujambula kanema. Anafika pa galimoto yoyera ija mukuidziwa, atanyamula makamera anayi, malaputopu awiri ndi makatoni a mabisiketi. Maphunziro ake anali a masiku atatu. Mwana wa mchemwali wanga anali m'gulu la ana khumi ndi awiri amene anasankhidwa, ndipo ine ndinalowa nawo ngati womasulira, poti Chichewa cha mphunzitsiyo chinathera pa "muli bwanji". Tsiku lachitatu anawo anaonetsa timakanema tawo pa khoma la kalasi, mawindo titatchinga ndi zitenje. Timakanema tonse tinali pa mutu umodzi, umene unali utalembedwa kale ku ofesi: kusamba m'manja. Tinaomba m'manja, tinasainira alawansi, tinajambulitsa chithunzi cha gulu, kenako makamera onse anayi analowa m'mabokosi awo n'kukwera galimoto.

Usiku umenewo tili pa nsima mnyamatayo anandifunsa: "Amalume, makamera aja abweranso liti?" Ndinamuuza kuti adye ndiwo zisanathe.

Funso limenelo linandibwereranso kumayambiriro kwa 2024, nditawerenga kuti Klee Benally, woimba komanso wopanga makanema wa ku America, wamwalira. Anatisiya pa 30 Disembala 2023 ku Phoenix, Arizona, ali ndi zaka 48 zokha. Ambiri a inu dzinali mukulimva koyamba, ndipo sindikukudabwani. Sanali wa ku Hollywood, ndipo makanema ake simungawapeze kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni ku msika. Inenso ndinamudziwa mwangozi, kudzera m'nyimbo. Pali chimbale cha Festival in the Desert ya 2003, chikondwerero chomwe chinachitikira ku Essakane, mumchenga wa kumpoto kwa Mali. Umamvera Ali Farka Touré, Oumou Sangaré, Tinariwen, magitala oyenda mwaulemu ngati ngamila, kenako mwadzidzidzi pabuka chiphokoso cha punk, gitala yokalipa ndi mnyamata wokuwa ngati nyumba yapsa. Limenelo linali gulu la Blackfire: Klee pa gitala ndi kuimba, mlongo wake Jeneda pa bezi, mchimwene wake Clayson pa ng'oma. Ana a bere limodzi, a mtundu wa Navajo.

Dzina loti Navajo linadzera kwa Asipanishi. Eni ake amadzitcha Diné, kutanthauza kuti anthu, basi. Dziko lawo lili m'zigawo zitatu za America, Arizona, New Mexico ndi Utah, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 71,000, ngati magawo atatu mwa anayi a mtunda wa Malawi mukachotsa nyanja. Olembedwa m'kaundula wa mtunduwu ali pafupifupi 400,000. Ali ndi pulezidenti wawo, nyumba ya malamulo, makhoti, ndi likulu ku Window Rock. Koma chimene chinandigwira mtima ine Mchewa n'chakuti fuko kwa iwo limayenda kuchikazi. Munthu akamadzidziwitsa amayamba ndi fuko la amayi ake, kenako la abambo, kenako a agogo aamuna awiri aja. Kale mwamuna akakwatira ankakakhala kwa mkazi, chikamwini chenicheni. Ukamawerenga umangoti awa ndi abale athu a ku Dedza amene anasochera njira.

Ndipo tisanamizane, anthu amenewa tinawaona kalekale, kungoti sitinkadziwa kuti ndi iwo. Aliyense amene anaonerako filimu ya makauboyi, kaya pa galimoto ya kanema ija inkaima pa bwalo la sukulu, kaya m'shedi ya vidiyo pa benchi la thabwa, akukumbukira mapiri ofiira aja oimirira okhaokha m'chipululu ngati nkhokwe zopanda denga. Pamenepo ndi pa Monument Valley, m'dziko la Adiné. John Ford anajambulapo Stagecoach mu 1939, The Searchers mu 1956, ndi ena ambiri. Okwera mahatchi aja ankatulukira pa phiri akukuwa, n'kumagwa mmodzimmodzi ekita akangodina mfuti, ambiri anali Adiné olembedwa ganyu. Lero avale ngati a mtundu wa Apache, mawa ngati a mtundu wa Comanche. Ndalama yake inkathandizadi pa nthawi ya njala, zimenezo sitingakane. Koma ife pa benchi paja tinkasangalala akamagwa. Ndimachita nazo manyazi ndikakumbukira momwe ndinkakuwira.

Pali kankhani kokoma ka filimu ya Ford ya 1964, Cheyenne Autumn. Amene ankasewera ngati a mtundu wa Cheyenne anali Adiné, ndipo atauzidwa kuti alankhule "chinenero chawo" pa kamera, ankalankhuladi Chidiné. Koma poti pa gulu la ojambula panalibe womva, ankangoponyamo nthabwala ndi zotukwana, nkhope zili gwa ngati ali pa maliro. Azungu m'maholo ankaonera mwachisoni, Adiné ankagwa nako kuseka. Ife tinalawako pang'ono zoterezi mu 2019 ndi The Boy Who Harnessed the Wind, pamene dziko lonse linkapukuta misozi ndi nkhani ya William Kamkwamba, ife tikugwira pakamwa ndi Chichewa cha ena mwa osewera. Filimuyo ndi yabwino, musandimve molakwa. Kungoti mwini chinenero amaona filimu ina mkati mwa filimu yomweyo.

Tsono kuti mumvetse zimene Klee ankachita, tiyambe tabwerera ku 1966, iye asanabadwe n'komwe. Chaka chimenecho azungu awiri ophunzira, Sol Worth wa za mauthenga ndi John Adair wofufuza zikhalidwe za anthu, anapita ku Pine Springs, kamudzi ka ku Arizona, ndi maganizo omwe pa nthawiyo anali achilendo: m'malo mowajambula anthuwa, tiwapatse makamera adzijambule okha, tione kuti atulutsa zotani. Poti Adair mwambo ankaudziwa, anayamba akaonekera kwa akulu. Anakapeza a Sam Yazzie, sing'anga wokalamba wa m'deralo, n'kuwalongosolera zonse. Gogoyo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati kujambula kanemako kungazipweteke nkhosa. Worth anayankha mwansangala kuti ayi, sikungazipweteke. Anakhalanso chete. Nanga kuzithandiza nkhosazo? Apa Worth anachita kukakamizika kuvomera kuti ayi, sikuzithandizanso. Ndiye a Yazzie anati: nanga n'kujambuliranji?

Awiriwo analemba okha nkhaniyi m'buku lawo la 1972, Through Navajo Eyes, ndipo anavomera kuti funsolo sanaliyankhe.

Musaganize kuti linali funso la munthu wosadziwa za kunja. Kwa Adiné nkhosa ndi ndiwo, ndi chofunda, ndi banki, ndi sukulu yoyamba ya mwana. Ndipo zoipa zazikulu zimene zinawagwera zinkayambira pa nkhosa. Mu 1863 ndi 1864 asilikali a America motsogozedwa ndi Kit Carson anatentha minda, anapha ziweto, anadula mitengo ya mapichesi ku Canyon de Chelly, mpaka njala inatulutsa anthu m'mapanga. Oposa 8,000 anayendetsedwa wapansi makilomita oposa 480 kupita ku Bosque Redondo, malo amene iwo amawatcha Hwéeldi, komwe anthu oposa 2,000 anafera. Anabwerera kwawo mu 1868 atasainirana pangano ndi boma, n'kuyambiranso ndi tinkhosa tochepa. M'zaka za m'ma 1930, ziweto zitachulukanso, boma linati zikukokolola nthaka, n'kuyamba kuzichepetsa mokakamiza. Zina zinagulidwa pa mtengo wolira, zina zinangowomberedwa n'kusiyidwa kuti ziwole. Munthu wa msinkhu wa a Yazzie anaziona ndi maso zimenezo. Ndiye mlendo akafika pakhomo ndi pulani yokoma, funso loyamba lingakhale liti?

Komabe anawalola. Anthu asanu ndi awiri anajambula ndi makamera a 16mm opukusa ndi dzanja, zithunzi zopanda mtundu, zopanda mawu. Zimene zinatuluka zinawazunguza mutu aphunzitsiwo. M'makanemawo munali kuyenda, kuyenda, kuyendabe. Susie Benally anajambula amayi ake akuwomba chofunda cha ubweya, koma nthawi yambiri ya kanemayo mayiwo sali pa chowombera. Ali ndi nkhosa, akumeta ubweya, akuyenda m'tchire kufuna mizu yotsukira ndi zomera za utoto. Mzungu akanadula zonsezo n'kuthamangira pa zala zoluka. Kwa Susie chofunda chinkayambira pa ulendo. Nkhope zojambulidwa pafupi zinalinso zochepa kwambiri, poti kwa iwo kumuyang'anitsitsa munthu m'maso ndi mwano, monga momwe zilili kwathu kuno mwana akamalankhula ndi wamkulu. Ana awiri a banja la Tsosie, Mary Jane ndi Maxine, anajambula agogo awo, omwe anali a Yazzie omwe aja ofunsa za nkhosa.

Pamene anaonetsa makanemawo ku Pine Springs, mayi wina anati ena mwa iwo sanawamve chifukwa anali a m'Chingerezi. Kanema wopanda mawu! Koma mayiyo ankadziwa chimene ankanena. Kanema ali ndi kalankhulidwe kake, ndipo ukhoza kujambula mudzi wako womwe m'chinenero cha eni kamera.

Chimene ine ndimachikonda kuposa zonse m'nkhani ya Pine Springs n'chaching'ono. Susie ataphunzira, anatembenuka n'kuphunzitsa amayi ake, a Alta Kahn, m'Chidiné, ndipo mayiwo anajambula kanema wawo womuonetsa Susie akuwomba. Kamera inachoka m'manja mwa mlendo, n'kudutsa kwa mwana, n'kufika kwa mayi. Makanema onsewo analowa m'kaundula wa mafilimu ofunika kusungidwa wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, mu 2002. Koma ntchitoyo inali ya chilimwe chimodzi. Ofufuza anabwerera ku mayunivesite awo kukalemba buku.

Klee anabadwa mu 1975 ku Black Mesa, chaka chimodzi nyumba ya malamulo ya America itakhazikitsa lamulo logawa malo pakati pa Adiné ndi Ahopi, mtundu wina wa eni nthaka woyandikana nawo. Mpanda unadulidwa, ndipo Adiné oposa 10,000 anapezeka ali mbali yolakwika ya waya, n'kuuzidwa kuti asamuke pa malo amene makolo awo anakwirirapo michombo. Okana kusamuka anawaletsa kumanga, anawachepetsera ziweto, zina n'kumawalanda. Nkhosa zomwe zija. Pansi pa nthakayo panali malasha, omwe kampani ya Peabody inkakumba, n'kuwagaya, n'kuwasakaniza ndi madzi a pansi pa nthaka, n'kuwakankha m'paipi ya makilomita pafupifupi 440 kukafika ku Laughlin, Nevada, komwe ankapangira magetsi mpaka 2005. M'chipululu, madzi akumwa ankagwira ntchito ya lole. Magetsiwo ankawala m'mizinda ya kutali, pomwe nyumba zambiri za Adiné zinkagonera nyali. Anthu ambiri a ku Black Mesa amakhulupirira mpaka lero kuti mkangano wa malowo unakolezedwa ndi malasha.

Bambo ake, a Jones Benally, ndi sing'anga komanso katswiri wa gule wovina ndi mikombero. Mayi ake, a Berta, anali a mtundu wa Chiyuda, okonda nyimbo. Anawo anakula akuvina magule a makolo ndi bambo awo uku akumvera punk, ndipo anayambitsa Blackfire mu 1989 akadali ana asukulu. Kanema anabwera pambuyo, ndipo anabwera chifukwa cha phiri.

Kumpoto kwa mzinda wa Flagstaff kuli mapiri otchedwa San Francisco Peaks, omwe nsonga yake ndi yaitali kuposa zonse mu Arizona, mamita oposa 3,800, kuposa Sapitwa wathu. Adiné amawatcha Dook'o'oosłííd, limodzi mwa mapiri anayi opatulika amene ndi malire a dziko lawo, ndipo mitundu 13 ya eni nthaka imapemphera moyang'ana kumeneko. Asing'anga amakatengako mankhwala. Pa phiri lomwelo pali malo a masewera otsetsereka pa sinowo otchedwa Arizona Snowbowl. Poti sinowo sagwa mokwanira chaka chilichonse, eni malowo anaganiza zomapanga wawo ndi makina, pogwiritsa ntchito madzi a m'masuweji a mzinda wa Flagstaff atawasefa. Tangoganizani madzi ochokera m'zimbudzi, m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni akupoperedwa pa kachisi. A boma ankati madziwo ndi oyeretsedwa mokwanira. Asing'anga ankati nkhani si ya majeremusi.

Klee anatenga kamera n'kupanga The Snowbowl Effect, yomwe inatuluka mu 2005. Si kanema wokometsera maso. Ndi akuluakulu a mitundu yosiyanasiyana akulankhula, asayansi akufotokoza zimene zimatsalira m'madzi osefedwa, ndi phirilo lili phee kumbuyo. Ankayenda naye m'maholo, m'masukulu, m'misonkhano. Mlandu unapita ku khoti. Mu 2007 oweruza atatu a khoti la apilo anagamula mokomera mitundu ija. Mu 2008 khoti lomwelo, litakhala oweruza ambiri, linatembenuza chigamulocho. Mu 2009 khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva nkhaniyo. Mu 2011 akukumba ngalande ya paipi, Klee anadzimangirira ndi tcheni ku katapila, apolisi n'kudzamutenga. Mu Disembala 2012 makina anayatsidwa, ndipo sinowo woyamba anatuluka wachikasu.

Anagonja, tinene mosabisa. Mpaka lero anthu amatsetsereka pa phiri lija. Ndiye a Yazzie akanadzuka akanafunsanso funso lawo lija, ndipo pa kanema ameneyu yekha sindikudziwa kuti Klee akanayankha bwanji.

Koma mu 2004, nkhondo ya phiri ili mkati, iye ndi anzake anayambitsa kanthu kena ku Flagstaff, kotchedwa Outta Your Backpack Media. Dzinalo likunena zonse: kanema wotuluka m'chikwama cha kumsana. Maphunziro anali aulere, a masiku ochepa, a ana a mitundu ya eni nthaka. Ana ankagawidwa m'timagulu, n'kupeka nkhani yawo, kuilemba, kuijambula, kuidula ndi kuilumikiza pa kompyuta, kenako n'kuionetsa kwa makolo ndi anzawo. Mpaka apa mukhoza kunena kuti n'chimodzimodzi ndi za kumudzi kwathu zija. Kusiyana kwake kunali pawiri. Koyamba, zipangizo sizinkakwera galimoto. Cholinga chinali choti kamera ndi kompyuta zikwane m'chikwama chimodzi, ndipo chikwamacho chipite kumene kuli anawo, akajambule zimene akufuna, mphunzitsi kulibe. Kachiwiri, mwana amene waphunzira chaka chino, chaka chamawa ndiye ankaimirira kutsogolo kuphunzitsa anzake. Zija anachita Susie ndi amayi ake mwa iye yekha, apa zinasanduka dongosolo.

Ndipo mutu sunkachokera ku ofesi. Pamenepa ndi pamene ine ndimaima nthawi yaitali, chifukwa ndinaona ndi maso ana khumi ndi awiri anzeru, mmodzi mwa iwo mwana wamasiye wodziwa nyimbo zonse za pamtondo za agogo ake, akujambula sopo ndi beseni.

Taonani zimene zimatuluka mwana akasankha yekha. Camille Manybeads Tso anayamba kupita ku maphunzirowa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ali ndi zaka 13 anapatsidwa ntchito ya kusukulu, ndipo m'malo molemba pa pepala anatenga kamera n'kukakhala pansi ndi agogo ake aakazi, kuwafunsa za kholo lawo lina lachikazi la mibadwo ingapo kumbuyo, lotchedwa Yellow Woman, lomwe linakhala ndi moyo pa nthawi ya ulendo woopsa uja wa 1864. Zimene agogo anasimba, mtsikanayo anazisandutsa sewero. Osewera anali abale ake omwe, zovala anakonza pakhomo, malo ojambulira anali tchire la kwawo. Panatuluka In the Footsteps of Yellow Woman, kanema wosakwana theka la ola, wa mu 2009, yemwe anaonetsedwa m'zikondwerero za mafilimu zambirimbiri. Camille anadzakhalanso mmodzi mwa ophunzitsa anzake, wamng'ono kuposa onse.

Zikondwererozo ine sizindisuntha kwenikweni. Chimene ndimaona ndi ana a pachibale aja atavala zovala za makolo, akuthamanga m'tchire kuthawa asilikali ongoyerekeza. Kuti asewere bwino anayenera kufunsa: agogo, ankabisala pati? Ankadya chiyani? Mwana wakhanda ankamutontholetsa bwanji asilikali ali pafupi? Mafunso amenewo mwana safunsa pa sukulu. Ngakhale kanemayo akanapsa tsiku lomwelo, nkhaniyo inali italowa kale m'miyendo mwawo. M'mafilimu a makauboyi aja anthu awo ankagwa pa hatchi opanda dzina. Apa panali mayi wa dzina lake, ndi zidzukulu zake zikumuyenda m'mapazi.

Klee mwiniwake anapitiriza. Mu 2016 anatulutsa Power Lines, filimu yake yaitali ya sewero, ya mtsikana wa zaka 16 wolemba ndakatulo, wa m'banja losamutsidwa ku Black Mesa, amene athawa nkhanza za pakhomo n'kuyamba kufuna kwawo kwenikweni. Anaipanga ndi ndalama zosonkha. Anathandiza kutsegula malo okumanirana achinyamata ku Flagstaff otchedwa Táala Hooghan. Ankagawa zofunda ndi chakudya kwa eni nthaka ogona m'misewu ya mzinda womangidwa pa nthaka ya makolo awo. Mu 2020, Covid itasakaza dziko la Adiné, komwe nyumba pafupifupi imodzi mwa zitatu ilibe madzi a m'mpopi, anali pa ntchito yotumiza madzi, zakudya ndi sopo. Inde, sopo yemwe uja, koma apa anali m'manja mwa anthu, osati pa khoma la kalasi. Ankalimbananso ndi za yureniyamu, yemwe anakumbidwa m'dziko lawo kuyambira 1944 mpaka 1986 n'kusiya migodi yoposa 500 yosakwiriridwa bwino, komanso ngozi ya ku Church Rock ya pa 16 Julayi 1979, pomwe damu la zinyalala za mgodi linaphulika n'kuthira poizoni mu mtsinje wa Puerco womwe nkhosa zinkamwa. Ife a dziko la mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera mbiri imeneyo ndi yoti tiziiwerenga titakhala tsonga.

Sindikufuna kumusandutsa mngelo. Anali munthu wa mawu olasa, wosakhulupirira boma la mtundu uliwonse, ngakhale la Adiné anzake. Mabungwe othandiza ankawadzudzula kuti amadyera pa mavuto a anthu, ndipo apo ndimagwedeza mutu kuvomera. Koma ankanenanso kuti kuvota sikuthandiza eni nthaka, ndipo ine amene ndinaima pa mzere mbandakucha wa pa 23 Juni 2020 pamenepo ndimasiyana naye. Mwina n'chifukwa choti iye ankavotera m'nyumba ya eni, ine m'nyumba yathu, ngakhale ikudontha.

Komanso njira yake si yokhayo. Sydney Freeland, Mdiné wa ku Gallup ku New Mexico, anadzera khomo lina. Ali mwana, pulogalamu ina ya pa TV inatcha tauni ya kwawo "Drunk Town, USA", tauni ya zidakwa, ndipo dzina limenelo analisunga mumtima mpaka analibweza mu 2014 ndi filimu yake Drunktown's Finest, yomwe inaonetsedwa ku Sundance, chikondwerero chachikulu cha mafilimu ku America. Iye analeredwa ndi maphunziro a bungwe la Sundance lomwelo, n'kudzafika potsogolera zigawo za masewero a pa TV a Reservation Dogs ndi Echo ya Marvel. Mu 2024 anatulutsa Rez Ball pa Netflix, ya timu ya basketball ya anyamata a sekondale a Chidiné, ambiri mwa osewera ake achinyamata omwe anali asanaimepo pa kamera. Mufilimumo muli pamene kochi awatenga anyamatawo kupita nawo kumudzi kwa agogo ake kuti akakuse nkhosa zobalalika, aphunzire kugwirira ntchito limodzi. Nditaona pamenepo ndinaseka ndekha. Patatha zaka 58 chifunsireni a Yazzie, nkhosa zinafika pa Netflix, ndipo zinali aphunzitsi.

Anthu mamiliyoni anaona za Freeland, ndipo mwana wa ku Shiprock, tauni ya m'dziko la Adiné, amene wadziona pa TV kwa nthawi yoyamba, osati akugwa pa hatchi koma akuponya mpira, wapindula chinthu chenicheni. Koma khomo limenelo ndi lopapatiza, amalowa mmodzimmodzi, ndipo makiyi ake ali ku Los Angeles. Chikwama cha Klee chinalibe mlonda. Ndikafunsidwa kuti ndi njira iti imene ingatheke ku Mchinji kapena ku Nsanje mawa m'mawa, popanda kudikira wopereka thandizo, yankho ndikulidziwa. Masiku ano chikwamacho chinachepa mpaka chinalowa m'thumba la buluku. Chosowa si kamera ayi. Chosowa ndi wamkulu wokhala pambali pa mwana, womusonyeza podina, kenako n'kutseka pakamwa pake mwanayo akasankha nkhani.

Kutseka pakamwako ndi kumene kumavuta, ndipo ndinadzigwira ndekha. Mnyamata wa mchemwali wanga uja anakula, analemba Fomu 4, ndipo ali ndi foni ya galasi losweka pakona. Chaka chatha ndili kumudzi anandionetsa zimene anajambula: agogo ake, mayi anga, akupita kudimba. Mphindi khumi ndi imodzi. Atuluka m'nyumba, amanga chitenje, atola khasu ndi ndowa, atsekulira mbuzi. Adutsa pa mjigo, apereka moni. Adutsa m'mphepete mwa manda, asiya kuyankhula. Atsika ku dambo, avula patapata, awoloka. Kamera ili pambuyo pawo njira yonse, nkhope siioneka n'kamodzi komwe. Kudimba kwenikweniko, kothirira mpiru, kunali mphindi imodzi yokha kumapeto.

Ine ndi nzeru zanga za m'tauni ndinati, "Aphwanga, izi anthu sangaonere, n'zazitali. Bweretsa ndikudulire." Ndinakhala pa khonde ndi laputopu, n'kuchotsa kuyenda konse. Panatsala mphindi ziwiri zaukhondo: pakhomo, kenako kudimba. Madzulo tinawaonetsa mayi. Anayang'ana foniyo ataitalikitsa ndi dzanja monga amachitira, n'kuibweza.

"Ndafika bwanji kudimbako?"

Ndinayamba kufotokoza kuti m'kanema timadula, anthu amadziwa okha kuti munayenda.

"Pa mjigo sindinadutse, pa manda sindinadutse, madzi sindinaponde. Mukufuna anthu aziti ndimauluka?"

Mnyamata uja anaseka mpaka anagwira m'mimba. Usiku womwewo anabwezeretsa mphindi zake zonse khumi ndi imodzi. Fayiloyo inakula moti bandulo yake sikanatha kuitumiza pa WhatsApp, ndiye imayenda pa memori khadi, kuchoka foni ina kupita ina. Ulendo wapitawu ndinaipeza kwa mayi wina wogulitsa tomato pa msika, akuonetsa mnzake, chala chili pa galasi: "Apa ndi pa mjigo. Dikira, uona kumene awolokere."